Dzina lathu linatsika m'sitima

Bambo anga tinawaika m'manda mu Okutobala, dzuwa la ku Mangochi likuswa mtengo. Sitinawaike ku Lilongwe kumene anagwira ntchito moyo wawo wonse. Tinawanyamula ulendo wa kwawo, kumudzi kwa amayi awo, cha kufupi ndi nyanja ya Malombe. Itakwana nthawi ya mawu, mwini mbumba anaimirira, nakonza kukhosi, nkuyamba: "Mafumu, akuluakulu a mpingo, anamfedwa nonse, amene tagoneka apawa ndi a Phiri." Analankhula nthawi yaitali ndithu. Anatchula amayi a malemu, agogo awo aakazi, alongo awo mmodzimmodzi. Dzina limene tinalembetsa pamtanda, lomwe lili pa chiphaso changa ndi m'makope a ana anga, silinatuluke pakamwa pawo ngakhale kamodzi. Pomaliza analoza kumene tinakhala ife: "Ana a malemu abwera kuchokera kutauni. Ndi alendo athu, tawalandira."

Alendo, pamaliro a bambo otibereka!

Ndinapsa mtima, ndipo usiku umenewo nsima inakana kutsika. Koma mkuluyo sanalakwe. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Munda, malo omangapo nyumba, ufumu, ngakhale dzenje limene udzagonemo, zonse zimadzera kwa amayi. Bambo anga anali mwini mudzi kumeneko, ife kwathu ndi kwina, kwa amayi athu. Mkwiyo utaphwa panatsala funso limene linandisowetsa tulo miyezi ingapo: ngati dzina lathu lili lachilendo pamanda pa bambo, nanga kwawo kwa dzinali nkuti?

Dzinalo ndi Malinyero. Amene munakulira m'tchalitchi mwalikumbukira kale, lili m'nkhani ya Yona, anthu a m'chombo aja amene anamuponya m'nyanja. Ku Sande sukulu ndinaliona nalo tsoka. Tsiku lililonse nkhaniyo ikawerengedwa, anzanga ankanditsina nkumanong'ona kuti mneneri wa Mulungu munamuponyeranji. Mawuwa ndi obwereka ku Chipwitikizi, marinheiro, kutanthauza munthu wogwira ntchito m'sitima ya pamadzi. Anadzera njira imodzi ndi kalata, nsapato, mbatata ndi kapitawo, kukwera ndi mtsinje wa Zambezi nkulowa mu Shire. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira kusekondale, koma ndinkangoziona ngati zoseketsa anthu pamowa. Kuti kuseri kwa mawuwo kunali munthu wa miyendo iwiri, wodya nsima, ndinali ndisanakuganizepo.

Chaka chitatha tinabwerera kumudzi kukamanga chiliza. Madzulo ndinawapeza azakhali, achemwali awo a bambo, ali pamkeka akusankha kambuzi m'lichero.

"Azakhali, kodi dzina lathuli linachokera kuti?"

"Lathu liti?" Sanadzutse nkomwe mutu. "Ine ndine Naphiri. Limene ukunenalo si dzina, mwana wa achimwene. Imeneyo ndi ntchito."

Ntchitoyo inali ya agogo awo aamuna, bambo a bambo awo. Kuti mumvetse mmene ntchito inasandukira dzina, muyenera kuona mtsinje wa Shire mmene unalili nthawi imeneyo, osati lero pamene timangouwoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi osayang'ana nkomwe pansi. Shire ndiye anali msewu waukulu wa dziko lino. Sitima yoyamba kufika m'nyanja ya Malawi, Ilala, inabwera ndi amishoni a ku Scotland mu 1875. Anaiphwasula kumunsi kwa mathithi, amtengatenga mazanamazana nkuisenza pamutu zidutswazidutswa, nkukailumikizanso kumtunda. Inadutsa kwa Mponda, amene anawalola azunguwo kukakhala ku Cape Maclear, nkulowa m'nyanja mu Okutobala chaka chomwecho. Pambuyo pake panabwera kampani ya African Lakes, ija tonse timangoiti Mandala chifukwa cha magalasi a maso a John Moir, mmodzi wa oiyang'anira. Muone, ngakhale azungu sitinawasiye, tinkawatcha maina malinga ndi zimene taona. Mu 1891 asilikali a Harry Johnston, woimira boma la Britain, anamanga linga kutsidya kwa Mponda nkulitcha Fort Johnston. Katundu ankachokera ku Chinde, kumatsiriro a Zambezi, kukwera mpaka ku Chiromo ndi kwa Katunga, kuyenda pamtunda kudzera ku Blantyre kukafika ku Matope, kenako pamadzinso kudutsa Liwonde ndi Malombe mpaka kuno ku Mangochi. Guendolen, sitima yankhondo ya boma, inayamba kuyenda mu 1899. Chauncy Maples ya amishoni a Anglican anailumikiza kwa Mponda konkuno nkuitsitsira m'madzi mu 1901.

Sitima zonsezi zinkadya nkhuni. Osati mafuta, nkhuni, milumilu. Pankafunika odula, osenza, osonkhezera ng'anjo, okoka nangula, oyesa kuya kwa madzi ndi nsungwi pamalo a mchenga. M'mabuku a mbiri mumapezeka maina a akapitawo achizungu ndi a sitimazo. Anthu amene ankapsa manja kung'anjo anangotsala ndi dzina limodzi la onse, amalinyero. Mmodzi wa iwo atatsika m'sitima nkukakwatira kumudzi wina m'mbali mwa Shire, anthu a m'mudzimo sanavutike kufuna dzina lina. Anali Che Malinyero basi. Mukamva maina ngati Kapitawo, Sitima, Bokosi kapena Mandala m'kaundula wa sukulu, dziwani kuti ambiri mwa iwo anabadwa m'njira yomweyi, ndipo ndi ana a dzulodzuloli.

Za kumene munthuyu anachokera, m'banja mwathu muli nkhani zitatu, ndipo sizimwerana madzi.

Yoyamba ndi ya azakhali. Akuti anachokera kumunsi, ku chigwa cha Shire, anakwera sitima ali mnyamata nkungopitirira nayo. Nkhani yaukhondo, yosapweteka munthu.

Yachiwiri ndi ya abambo ena aang'ono amene amakhala pa boma, ndipo imakula chaka ndi chaka. Akuti anali mwana wa mfumu yaikulu amene anathawa mpando chifukwa cha ufiti wa abale ake. Akuti analinso mu Guendolen mu Ogasiti 1914 pamene inakaphwanya sitima ya Ajeremani ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli ku Tanzania. Akamwa pang'ono amawonjeza kuti mzinga uja uli pafupi ndi nsanja ya wotchi pa Mangochi anauwomba ndi agogo athu ndi manja awo. Nkhondoyo inachitikadi, mzingawo ulipodi, mukhoza kukaugwira mawa. Zinazo ndi mchere wothira. Ndafunsa anzanga ambiri za makolo awo, ndipo pafupifupi aliyense amati amachokera kubanja lachifumu. Zikanakhala zoona, dziko lino bwenzi lili la mafumu okhaokha, wolima palibe.

Yachitatu sinenedwa masana. Ndinaimva kwa gogo wina wa m'mudzi mwa azakhali, amene amayi ake anamuona munthuyo ndi maso. Anadikira kuti ana achoke, nkutsitsa mawu. "Ujatu analibe kwawo. Anabwera ali mwana, m'goli."

Tiyeni tisazembe. Dera lino linali njira ya malonda a anthu. Cha pakati pa zaka za m'ma 1800 Ayawo anatsika kuchokera kum'mawa kwa nyanja, ku Mozambique ya lero, nkupeza Anyanja m'mbali mwa madzi. Mafumu ngati Mponda, Makanjira ndi Jalasi analemera ndi malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo, kugulitsa kwa amalonda a kugombe la Kilwa posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Pamene Shire amatulukira m'nyanja panali powolokera magulu a anthu omangidwa. Si onse ankafika kunyanja yamchere. Ambiri, makamaka akazi ndi ana, ankatsala m'midzi momuno, kulima, kukwatiwa, kubereka. Nkhondo za Johnston zitafika pachimake mu 1895, Jalasi ndi Makanjira atagonja, panapezeka ana ochuluka amene sakanatha kuloza njira ya kwawo. Ena anakulira ku mishoni, ena pa boma, ena padoko, kumene mwana wamphamvu akanatha kupeza chakudya posenza nkhuni.

Ine ndimakhulupirira nkhani yachitatuyi, ndipo zifukwa zake ndi zimene azakhali omwe anandiuza osadziwa kuti akundipatsa umboni. Munthuyu sanatengepo ana ake kukawaonetsa kwawo. Paukwati wake unkhoswe anaimira ndi mnzake wa m'sitima. Atamwalira sikunabwere mlongo kapena mphwake kudzalira. Ndipo chachikulu, analibe mfunda. Anthu akamuthokoza pa chakudya kapena pa ntchito ankangoti zikomo Che Malinyero. Ndani m'masiku amenewo akanakhala wopanda mfunda? Ngakhale mmphawi wogona m'khumbi anali Mbewe, Mwale, Nkhoma kapena Milanzi. Wosadziwa mfunda wake ndi amene anachotsedwa kwa amayi ake asanakhwime nzeru. Nditawauza azakhali maganizo angawa anakhala chete, kenako anangoti, "Zakale sizifukulidwa zonse." Sanakane.

Sindikuona chochititsa manyazi pamenepa. Manyazi akanayenera kugwira ogulitsa, koma mwa ife amagwira ogulitsidwa, ndipo mpaka lero mawu oti kapolo amatuluka pamilandu ya malo ndi ya ufumu ngati mpeni wobisa m'thumba. Nchifukwa chake mabanja ambiri anasoka nkhani za ana a mafumu othawa ufiti. Abambo aang'ono aja sindiwaseka kwambiri. Akuphimba bala limene sanalipange ndi iwo.

Mfunda ndiye dzina lakale lenileni. A Phiri amakumbukira ulendo wochokera ku Uluwa, ku Congo ya lero, ndi ufumu wa Kalonga umene likulu lake linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, osati kutali kwenikweni ndi kuno. A Banda amadziwika ngati eni nthaka, osunga za mvula, a kwa Makewana ku Msinja. Kalonga ankabadwa kwa Nyangu, wa kwa Phiri, koma mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa a Banda. Akuluakulu amasimbanso kuti pa ulendo uja ena anagona paphiri nkukhala a Phiri, ena anagwetsa udzu m'munsi nkugonapo nkukhala a Banda. Maina amenewa ali ndi zaka mazana angapo. Kale ankatsata mayi, ndipo m'midzi ina ngati kwa azakhali akadatero, ngakhale kuti ambiri lero amatenga wa bambo. Ine ku Lilongwe ndakhala ndikuvomera anthu akati a Phiri. Azakhali anandidula: "Iwe Phiri unamutenga kuti? Amayi ako si Nabanda?" Ndinadzitonthoza pokumbukira kuti Kamuzu naye anali ndi mtanda womwewu mozondoka. Amayi ake anali a kwa Phiri, Banda linali la bambo ake, ndipo la Hastings anachita kutengera kwa mmishoni.

Tsono dzina la ntchito linalowa bwanji m'mabuku? Apa ndi pamene nkhaniyi imandikomera. Kuyambira cha mu 1915 madzi a m'nyanja anatsika kwambiri, mchenga nkutseka pakamwa pa Shire, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi awiri mtsinjewo unali zithaphwi ndi bango. Sitima zinaleka kutsika mumtsinje. Munthu wathu anasiya ntchito, nakhala mkamwini wolima ndi kuwedza, nabereka ana atatu, amuna awiri ndi mkazi mmodzi. Wamkulu, amene ndi agogo anga, anapita kusukulu ya mishoni cha m'ma 1930. Mphunzitsi anatsegula kaundula nkufunsa, dzina lako, mwana nkuyankha. Dzina la bambo ako? Mwana anangoti kukamwa yasa. Kutchula dzina lenileni la bambo wako linali thukwano. Ngakhale mkazi sankatchula la mwamuna wake. Komanso munthu ankasintha maina ngati malaya: la paubwana, la kuchinamwali limene likabwera lakale lija limafa, la ubatizo kapena la Chisilamu, la kuntchito, kenako bambo a uje. Mwanayo anasankha limene linali lopanda mlandu, limene aliyense ankaitanira poyera. Mphunzitsi analemba. Inki itauma, ife tonse amene tinali tisanabadwe tinali tatchedwa kale.

Mng'ono wa agogo anga sanapite kusukulu. Atakula analembetsa Wenela kupita ku Joni, ndipo kalaliki atamufunsa funso lomwelo, iye anatchula dzina la amalume ake. Kwa iye zinali zomveka: amene akanayankha mlandu wake, amene akanalandira katundu wake akafera mumgodi, anali amalume, osati bambo. Anapita maulendo angapo, nkubwerako ndi njinga, sutikesi ndi chifuwa. Njirayo inadzatsekedwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown nkupha Amalawi 74 ochokera kumigodi, Kamuzu nkuletsa kulemba anthu. Zidzukulu zake zilipo zambiri ku Namwera ndi ku Monkey Bay, magazi amodzi ndi ine, koma dzina lina. Mlongo wawo uja ana ake anatenga la mwamuna wake. Ndiye kuti mwa ana atatu a munthu mmodzi munatuluka maina atatu, ndipo amene anatsala pamudzi, nkulandira minda, ndi a kwa mlongoyo, amene dzina la Malinyero alibe nalo ntchito.

Ngakhale ife olisungafe sitigwirizana kalembedwe. Pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017 zinaululika kuti m'nyumba imodzi muli Malinyero, Malinyelo ndi Marinyero. Pakamwa pa Mchewa l ndi r ndi ana amapasa, koma kompyuta sidziwa chibale chimenecho. Pofuna kulandira ndalama zimene bambo anasiya, ndinayenda miyezi inayi ndi kalata ya amfumu m'manja, kulumbira pamaso pa anthu kuti bambo anga analidi bambo anga, chifukwa cha chilembo chimodzi. Tauni yathu yomwe inasinthapo dzina. Ufulu utabwera, la Fort Johnston linachotsedwa, nkutenga la Mangochi, la mapiri a kwa Jalasi. Tsiku lina pamzere wa ofesi ina, thukuta lili kamukamu, ndinaganizadi zochita chimodzimodzi, kungolitaya dzinali nkukhala Banda ngati anthu ena onse.

Sindinatero, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Ndinayesa kuwerenga manda. Bambo agona kwa amayi awo ku Malombe. Agogo agona kwa amayi awo m'mbali mwa Shire. Ine ndidzagona kwa amayi anga. Palibe manda amodzi pamene a Malinyero awiri a mibadwo yotsatana agona moyandikana. Dzinali limayenda ndi akamwini, mudzi uno m'badwo uno, mudzi wina m'badwo winawo, ndipo mlendo ndi mame. Munthu amene analiyamba analandidwa amayi, mudzi ndi mfunda. Chimene anapeza ndi manja ake ndi ntchito ija basi. Ndikalitaya ine, palibe mbumba imene idzamutchule pamaliro a wina aliyense.

Mwezi wa Juni chaka chatha ndinawapempha azakhali kuti andiperekeze kumudzi kumene Che Malinyero anakwatirako. Tinatsika minibasi pa boma nkukwera kabaza, mwera ukuwomba, migwalangwa ikuchita phokoso ngati mvula. Amfumu tinawapeza akuluka mono pansi pa mtengo wa mango. Titapereka moni ndi kambalame kathu, anafunsa, "Alendowa ndi a kwa yani?"

Ndinafulumira ine, mwachitauni. "Ndife a Malinyero, mfumu."

Anayang'ana nduna yawo, nduna nkuyang'ana pansi. Dzinalo linagwa ngati mwala m'matope. Azakhali anandigwira bondo kuti ndikhale chete, nkuyamba iwo. Anatchula agogo awo aakazi, amayi a agogowo, mng'ono wawo amene anakwatiwa kutsidya, mwana wake amene anabereka mapasa chaka cha njala ya 1949. Asanamalize, amfumu anali ataika mono pansi. "Aaa, ndinu ana a m'nyumba muno! Bwanji osanena?" Anaitanitsa mpando wina, thobwa linabwera, amayi atatu achikulire anatuluka m'nyumba zawo kudzatigwira manja, aliyense akulongosola mmene tikukhalira abale.

Kumanda anatilola kulowa mawa lake m'mawa, nduna ili patsogolo. Agogo aakazi aja agona pakati, pamzere wa amayi awo ndi abale awo. Mwamuna wawo anamuika kumphepete, kumene manda amathera nkuyamba tchire, poti analibe kwawo koti akamutengere. Palibe chiliza, palibe mtumbira wooneka. Nduna inangoloza ndi ndodo malo ena pafupi ndi mtengo wa bwemba nkuti, "Cha apa." Azakhali anagwada. Ine ndinaima ngati chitsa, osadziwa kuti munthu wopanda mfunda umamulonjera bwanji.

Pobwerera tinadzera kudoko. Asodzi anali akukokera mabwato kumtunda, ena akusoka maukonde. Mkulu wina wa imvi, atamva kwa nduna kuti ndife ayani, anandiitana ndi dzanja. "Achimwene, bwerani muone." Anatenga chingwe cha bwato lake, nkuchipinda kawiri, kulowetsa nsonga, kuzunguliza, kukoka. Panatuluka mfundo yokhala ndi diso losathina, yoti ngakhale ng'ombe ikoke singamasuke, koma mwini wake akafuna amaimasula ndi chala chimodzi.

"Iyi timaiti ya malinyero," anatero. "Ine anandiphunzitsa ndi amalume anga, iwonso amalume awo. Akuti anabwera nayo ndi mkamwini wina wa m'sitima."

Ndinawapempha kuti abwerezenso pang'onopang'ono. Anabwereza katatu. Nditagwira chingwe ine, chinangosanduka chimfundo cha mbuzi, ana amene anatizungulira nkuphulika kuseka. Mkuluyo anapukusa mutu, nandilanda chingwecho, nkuchipereka kwa kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri kamene kanali kakutola usipa wogwa pathandala. Kanamanga osayang'ana nkomwe, nkundiponyera pamiyendo, nkubwerera ku usipa wake.